Aneneri a pa Mbulumbuzi

Disembala akafika, aliyense pamsika wa Mbulumbuzi amasanduka mneneri. Mayi wa tomato akuti mvula idula msanga. Wakabaza akuti Kwacha igwanso ngati mu Novembala 2023, pomwe inatsika ndi 44 peresenti. Sindiwaseka ayi. Anthu amene anaona matope a namondwe wa Freddy akukwirira nyumba kwa Ntauchira mu Malichi 2023 ali ndi chifukwa choopera.

Koma kodi munthu ali ndi mlandu pa zomwe walosera? Ine ndikuti eya. Ukalengeza kuti kukubwera njala, wandalama amathamangira kukagula chimanga n'kuchitsekera m'nyumba. Mtengo umakwera, ndipo njalayo imayambira kwa amene amagula kaufa ka tsiku limodzi. Pakamwa pako pathandizira.

Sindikuti tizinamizana kuti zonse zili bhobho. Agogo anga nawonso amati chaka chikubwerachi n'chovuta. Akatero, amabzala nandolo ndi chinangwa pambali pa chimanga, mbewu yotsala n'kugawira anansi. Mantha ndi omwewo, koma awo amakathera m'munda mwa mnansi. Nanga anuwo akathera kuti?