Kodi Wotumikira Atsamunda Ndi Wogulitsa Mtundu?

Munthu woona mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu za ku Maselema sangaganize msanga kuti nthaka ya Blantyre inali m'manja mwa mafumu monga Kapeni, amene analandira amishoni a ku Scotland mu 1876. Dziko litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, Harry Johnston anapereka zikalata zotsimikizira kuti malo aakulu a m'dera lino ndi a azungu monga Eugene Sharrer. Eni nthaka anasanduka alendo ogwira thangata. Lamulo la 1912 linapatsa mafumu ntchito yothandiza boma kutolera msonkho. Funso n'lakuti: mfumu imene inavomera udindowu inagulitsa anthu ake kapena inawatchinjiriza?

Angerezi eni ake anakumanapo nazo. William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, malo ambiri anawagawira anthu ake. Pofika 1086, pamene ankalemba kaundula wa Domesday, Angerezi okhala ndi malo aakulu anatsala owerengeka, monga Thurkill wa ku Arden. Komabe pakalemberayo, wansembe, kapitao wa mudzi ndi anthu wamba ndiwo ankalumbira ponena mwini munda ndi kuchuluka kwa ng'ombe zolimira. Wogonjetsa sadziwa malire a minda. Amadalira pakamwa pa mwini mudzi.

Apa ndiye pagona nkhani. N'kosavuta kwa ife obadwa m'ufulu kunena kuti onse akanakana. Koma mfumu ikatula pansi udindo msonkho sutha, ndipo mpandowo amaupereka kwa wina amene mwina alibe chisoni. Komanso mawu akuti "ndinangotumidwa" sayeretsa munthu, pakuti msilikali wotentha nyumba za olephera msonkho nayenso ankatumidwa.

Choncho tisaweruze pongoona kuti munthu anatumikira. Tifunse chimene anachita ndi kamphamvu kamene anamusiyira, ndiponso ngati anali ndi malire amene sakanawadumpha. Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu inagwira ntchito ndi boma la atsamunda zaka zambiri, koma mu 1953 inakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo boma linaichotsa pampando. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Muyeso womwewu ukuyenera mfumu ya lero imene yapatsidwa cholembera kuti isainire wogula malo a mudzi. Isanasaine, idzifunse kuti zidzukulu za anthu ake zidzalima pati.