Kodi Tsoka Lonse Ndi Lolembedwa?

Pa mawu onse amene timatonthozana nawo pa siwa, palibe omveka kawirikawiri kuposa akuti nthawi yake inakwana. Ndipo ine sindifuna kuwalanda mawuwa kwa mayi wofedwa, pakuti mtima wosweka umatsamira pa chilichonse chimene chingauchirikize. Koma pamene mawu omwewa atuluka m'kamwa mwa mwini njinga yamoto, amene makaniko wamuchenjeza kuti kebulo ya moto yayamba kuuma, iye n'kuyankha kuti za mawa adziwa ndi Chauta, pamenepo tiyenera kuima ndi kufunsa ngati munthuyo akulemekeza Mulungu, kapena akumusenzetsa mtolo wa ulesi wake.

Kebulo imeneyi ndi kanthu konyozeka, kotsika mtengo poyerekeza ndi tayala kapena batire, ndipo nzeru yake ndi yakale, popeza Ernest Bowden analembetsa luso limeneli ku London m'chaka cha 1896. Mkati muli waya wopota wa timawaya tambiri tating'ono, amene amayenda m'chikuto cholimba, ndipo nsonga zake zonse ziwiri zili ndi kamutu kachitsulo. Kamutu kena kamakola m'chogwirira cha kudzanja lamanja, kena kamatsikira mu kabuleta ndi kukola m'kachitsulo kobulungira kotchedwa silaidi, kamene kamanyamula singano. Wokwera akapotoza dzanja, waya amakweza silaidi, mpweya ndi petulo zimalowa zochuluka, injini n'kubangula. Akaleka, sipuling'i imakankhira silaidi pansi, moto n'kutsika. Umo ndi mmene ziliri njinga zakale monga Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975, ndiponso njinga zambiri za kabaza zimene zadzaza misewu ya Lilongwe ndi Blantyre lero lino.

Makolo anati tsoka silinunkha, ndipo ananena zoona za mphezi, za mtengo wogwera munthu wapaulendo, ndi za nthenda yobwera usiku. Koma tsoka la kebulo limanunkha ndithu. Waya saduka tsiku limodzi: madzi a dzinja amalowa m'chikuto n'kubala dzimbiri, fumbi la chilimwe limasanganikirana ndi girizi wakale n'kumapala chitsulo, ndipo pafupi ndi kamutu ka kuchogwirira, pamene waya amapindika nthawi zonse, timawaya timayamba kuduka kamodzikamodzi. Dzanja limamva zimenezi diso lisanaone, pakuti chogwirira chimalemera, chimakhakhala pochipotoza, ndipo pochileka chimabwerera mozengereza. Waya akadukiratu, njinga imangofooka n'kuima m'mbali mwa msewu, ndipo limenelo ndi tsoka laling'ono; choopsa n'chakuti kawaya kamodzi kosomphoka kakole m'chikuto silaidi ili pamwamba, injini n'kukana kutsika moto pamene wokwera akulowa pamsika wodzaza ana ndi amayi.

Chilamulo cha Mose chinaweruza mlandu wotere kalekale, ngakhale kuti chinkanena za ng'ombe. M'buku la Eksodo, mutu 21, ng'ombe ikagunda munthu n'kumupha mwadzidzidzi, ng'ombeyo inkaponyedwa miyala koma mwini wake ankamasulidwa. Koma ngati inali ndi chizolowezi chogunda, mwini wake atauzidwa koma osaitsekera, mlandu wa magazi unkagwera iyenso. Taonani pamene pagona kusiyana: wakufa ndi mmodzimodzi, nyanga ndi yomweyo, chimene chasintha ndi chidziwitso cha mwini ng'ombe. Malemba sanena kuti popeza masiku a munthu ali m'dzanja la Namalenga, tsono mwini ng'ombe alibe chifukwa. Amagwira zonse ziwiri pamodzi, ulamuliro wa Mulungu ndi udindo wa munthu, osalola kuti chimodzi chimeze chinzake. Kebulo imene yayamba kuuma ndiyo ng'ombe imene yagundapo kale, ndipo dzanja la wokwera ndiye mboni imene yapereka chenjezo.

Ntchito yosintha kebulo siifuna mphamvu, ifuna kudekha, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wabwino amayamba watseka mpopi wa petulo, n'kuchotsa mpando ndi thanki kuti njira yonse ya kebulo ionekere. Ndipo asanazule yakale, amayala yatsopano pambali pake, kuyerekeza utali wa chikuto ndi wa waya wotulukira kunja, ndi kuidutsitsa momwe munadutsa inzake, pakuti kebulo yatsopano yopindidwa molakwika kuseri kwa nyali, kapena yopanidwa pansi pa thanki, imaposa yakale kuopsa. Akamasula chivundikiro cha kabuleta amatulutsa silaidi mosamala, kuopa kupinda singano, amafinya sipuling'i ndi zala kuti kamutu kakoleke, ndipo pobwezera amaonetsetsa kuti mzera wa silaidi walunjika pa kachikhomo kake, osakakamiza. Kenaka amasiya kampata pachogwirira, kuti chiyambe chasewera pang'ono waya asanakoke. Mabuku ambiri a Honda amati mamilimita 2 mpaka 6. Pomaliza amaliza injini, n'kutembenuza handulo mpaka kumapeto kumanzere ndi kumanja, akumvetsera: kulira kwa injini kukakwera kokha, ndiye kuti kebulo ikukokeka, ndipo ntchito iyambirenso.

Pa njinga monga Yamaha DT125, imene injini yake imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, kebulo imagawika pawiri, nthambi ina kupita ku kabuleta, ina ku pampu ya oyilo. Wosintha akaiwala kulunjikitsa zizindikiro za pampuyo, injini ingathe kusowa oyilo n'kugwirana. Ndipo njinga zazikulu zambiri za ku Japan, monga Honda CB750 ya m'zaka za m'ma 1970, zili ndi makebulo awiri, ina yotsegula moto, ina yotseka, kuti ngati sipuling'i yalephera, dzanja lithe kubweza moto mokakamiza. Ndimawalemekeza amisiri amene anaganiza zimenezi, pakuti sanakhulupirire chitsulo chawo mopitirira muyeso, ndipo anawerengera moyo wa munthu amene sadzamuona nkhope.

Wina adzati: nanga si alipo amene anasamala njinga zawo bwino lomwe, koma anafera pamsewu, pamene ena osasamala akalamba nazo? Zimenezo n'zoona, ndipo palibe mmisiri amene angalonjeze munthu kutalika kwa masiku. Koma kusamala sikugula moyo kwa Mulungu. Ndi kubweza mangawa kwa mnansi amene wakwera kumbuyo kwako, amene wakupatsa ndalama zake ndi thupi lake osayang'ana n'komwe kebulo yako. Ndi chifukwa chake buku la Deuteronomo, mutu 22, linalamula womanga nyumba kuti atchinge m'mbali mwa tsindwi lake, kuti mlendo angagwe. Ndi chifukwa chake Nehemiya, pomanganso linga la Yerusalemu, anapemphera naikanso alonda usana ndi usiku. Ndipo Ambuye Yesu mwini, pamene woyesa anamuika pamwamba pa Kachisi namuuza kuti adziponye pansi popeza angelo adzamuwakha, anakana, natcha chinthu chimenecho kuyesa Mulungu. Munthu amene alemba vesi pa thanki ya njinga yake, koma nanyamula mayi wapakati ndi kebulo imene akudziwa kuti ikukola, wachita chimene Ambuye anakana kuchita.

Sindikufuna kuunjika mlandu wonse pa mnyamata wa kabaza, amene nthawi zambiri njingayo si yake, ndipo madzulo aliwonse ayenera kupereka ndalama kwa bwana wake asanaganize za ufa wa kunyumba. Tsiku loimitsa njinga kwa iye ndi tsiku la njala. Chilamulo chija chinafunsa mwini ng'ombe, ndipo inenso ndikufunsa inu eni njinga, amene ena mwa inu ndinu akulu a mpingo ndi atsogoleri a mapemphero. Mnyamata wanu akakuuzani kuti moto ukuchedwa kubwerera, musamuyankhe kuti ayendebe mpaka kumapeto kwa mwezi. Pitani nokha, potozani chogwirira injini ili yozima, ndipo muchileke. Chikapanda kubwerera msanga ndi kumveka kugunda, mupatseni ndalama ya kebulo tsiku lomwelo, ndipo musamulipitse za tsiku limene njinga yakhala kwa makaniko.