Kathumbo Kamene Ankati N'kopanda Ntchito

Kumunsi kwa mimba yathu, mbali ya kumanja, kuli kathumbo kakang'ono kotchedwa apendikisi. Kakatupa madokotala amakachotsa, ndipo munthu amakhalabe ndi moyo. N'chifukwa chake ambiri ankati kalibe ntchito. Ngakhale Charles Darwin, mu 1871, anakaika m'gulu la ziwalo zongotsalira.

'Abdu'l-Bahá anakambapo za ziwalo zoterezi ali ku 'Akká, m'mayankho amene anasindikizidwa mu 1908 m'buku la Some Answered Questions. Anafotokoza kuti mwina muli nzeru imene anthu sanaizindikirebe. Mu 2007 ofufuza a ku Duke University anapereka ganizo lakuti kathumboka kamasunga mabakiteriya othandiza, amene amabwerera m'matumbo munthu akadwala matenda otsegula m'mimba.

Bahá'u'lláh anayerekezera dziko ndi thupi la munthu, ndipo gulu lathuli ndi kathupinso. Muli agogo amene sadziwa kuwerenga, amangomvetsera. Masabata awiri sanabwere, ife tinangopitiriza ndime zathu osafunsa n'komwe. Koma paja awiri mwa ife atasemphana mawu, anakawakhazika pansi ndani? Tisanatsegule buku lero, tigwirizane amene apite kukawazonda.