Za Muyeso Wolungama pa Kapu ya Khofi

Pakati pa mafunso amene anthu oopa Mulungu akhala akudzifunsa chiyambire malonda pansi pano, lilipo limodzi losakalamba, ndilo lakuti: kodi chinthu chimagulidwa ndalama zambiri chifukwa ndi chabwino, kapena timachiyesa chabwino chifukwa tachigula ndalama zambiri? Funso limeneli, limene makolo athu ankalifunsa pa ng'ombe ndi pa nsalu, lero lagwera pa khofi. Pakuti m'mizinda yambiri, kuyambira ku London ndi ku Cape Town kufikira ku Lilongwe, zabuka nyumba zomwera khofi m'mene kapu imodzi yaing'ono ikhoza kudya ndalama zoposa zimene waganyu alandira atalima tsiku lathunthu, ndipo eni nyumbazo, akafunsidwa, ayankha mosachita manyazi kuti khofi wawo ndi wapadera.

Tiyenera kuwachitira chilungamo anthu amenewa, pakuti sanama m'zonse. Ubwino wa khofi si maloto a anthu okhuta. Dzina lakuti khofi wapadera linamveka mu 1974 pakamwa pa mayi Erna Knutsen, wamalonda wa ku America, ndipo kwa zaka zambiri bungwe la Specialty Coffee Association linali ndi muyeso wake, wakuti khofi alandire dzinalo pokhapokha akatswiri olawa atampatsa mapointi 80 kapena kuposerapo mwa 100. Koma chimene akatswiriwo achipeza pa lilime chinabadwira kutali ndi iwo, pa phiri lozizira, pamene mlimi anadikira zaka zitatu kapena zinayi kuti mbande yake ibale. Pamene mkazi wake, m'malo mopulula nthambi yonse kamodzi, anathyola zipatso zofiira zokhazokha, nasiya zaziwisi kuti adzazibwerere sabata lina. Pamene zipatsozo zinasendedwa tsiku lomwelo zisanayambe kusasa, zinaviikidwa, zinatsukidwa m'madzi oyera, ndi kuyanikidwa pa thandala masiku ambiri, anthu akuzitembenuza ndi manja ndi kutola njere iliyonse yofumbwa. Njere zoola zowerengeka zikhoza kuipitsa kapu yonse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo khofi wabwino ndi kudekha kwa anthu amene womwayo sadzawaona konse.

Komabe ubwino ndi mtengo, ngakhale anyamukira pamodzi, safika pamodzi kumapeto kwa ulendo. Ulipo mtundu wa khofi wotchedwa Geisha, umene makolo ake anachokera m'nkhalango za ku Ethiopia; mu 2004 khofi ameneyu, wolimidwa pa munda wa Hacienda La Esmeralda ku Panama, anagulidwa madola 21 pa paundi, anthu nazizwa, koma pofika 2019 Geisha wa pa munda wina wa ku Panama komweko anagulidwa madola 1,029 pa paundi. Ndani mwa ana a anthu amene ali ndi lilime lotha kulumbira kuti wachiwiriyo akoma kuposa woyambayo pafupifupi kamakumi asanu? Chimene chinakwera ndicho kusowa kwake, mbiri yake, ndi mtima wa munthu wofuna kukhala nacho chimene mnzake alibe. Mbewu ya dzina lomweli ilimidwa ndi alimi ang'onoang'ono m'mapiri a Misuku ku Chitipa ndi a Phoka ku Rumphi, amene agulitsa khofi wawo kudzera m'mgwirizano wa Mzuzu Coffee, koma sitinamve kuti mlimi wa ku Misuku wamanga nyumba yosanjikiza ndi thumba limodzi. Adam Smith, polemba za chuma cha mafuko mu 1776, anazizwa kuti madzi, amene popanda iwo palibe moyo, agulidwa chabe, pamene dayamondi, amene sathetsa ludzu la munthu, agulidwa chuma chambiri. Mtengo ndi mboni, inde, koma mboni yonena za njala ya ogula koposa za ubwino wa chogulidwacho.

Amene afuna kuona zimenezi ndi maso ake agule paketi ya khofi yemweyo, apite nayo kwawo. Paketi ya magalamu 250, munthu akamatapa magalamu 15 pa kapu, itulutsa makapu 16. Ndipo akagawa ndalama ya paketiyo pa makapuwo, adzapeza kuti kapu ya kunyumba, yopera yekha ndi kusefa yekha, yamudyera kachigawo kochepa ka zimene akadalipira m'tauni, chikhalirecho njere n'zomwezo. Tsono zotsalazo akadalipirira chiyani? Akadalipirira lendi ya nyumba, magetsi, mkaka, makina, msonkho, malipiro a mnyamata wophunzira kufulula bwino, ndiponso mpando umene akhalapo ola lathunthu popanda womuthamangitsa. Nyuzipepala ya Financial Times inawerengera mu 2019 kuti pa kapu ya mapaundi awiri ndi theka ku Britain, khofi mwiniwakeyo anadya mapeni 10, ndipo mwa amenewo mlimi analandira peni imodzi. Sinditcha mwini nyumbayo mbala, pakuti lendi ndi yeniyeni, ndipo wofuna kukhala pabwino alipire pokhalapo. Walira mvula walira matope. Ndingoti womwayo asadzinyenge kuti ndalama zake zambirizo ndi ulemu umene wapereka kwa khofi, kapena kwa iye amene anamlima.

Pano pali abale ena achangu pa chipembedzo amene adzafulumira kuweruza kuti kumwa chinthu chodula chotero, m'dziko limene ana agona ndi njala, ndi tchimo losafuna kukambirana. Mtima wawo ndiulemekeza, koma chiweruzo chawo sindichilandira msanga, chifukwa ndikumbukira amene anayamba kulankhula motero m'nyumba ya ku Betaniya, pamene mkazi anatsanulira pa Ambuye mafuta onunkhira a nardo, amene mtengo wake unali ngati malipiro a wantchito a chaka chathunthu. Woyamba kuwerengera ndalamazo m'dzina la aumphawi anali Yudase, wosunga thumba, ndipo Ambuye anaikira kumbuyo mkaziyo. Sindifanizira kapu ya khofi ndi nsembe yopatulika ija, kutalitali. Koma nkhaniyo itiphunzitsa kuti Mlengi, amene anaika fungo m'duwa ndi kutsekemera m'uchi, sadana ndi chinthu chokoma, ndi kuti si yense wotchula aumphawi amene awakonda. Ngakhale chakumwa chimene tikunenachi chinayamba kufala pakati pa anthu opemphera, Asufi a ku Yemen, amene m'zaka za m'ma 1400 ankachimwa kuti tulo lisawagwire pa mapemphero a usiku.

Mlandu uli pena. Malembo, amene sakwiyira mafuta onunkhira, akwiya kwambiri ndi sikelo yonyenga ndi malipiro obisidwa: mneneri Amosi anadzudzula amalonda ochepetsa muyeso ndi kukuza mtengo, ndipo mtumwi Yakobo anachenjeza eni chuma kuti mphotho ya okolola imene anaimana ili ndi mawu ofika kumwamba. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anaphunzitsa kuti malonda anakhazikitsidwa kuti apindulitse mbali zonse ziwiri, kotero kuti kugula chinthu motsika kuposa kuyenera kwake ndi kosalungama monga momwe kulili kuchigulitsa mokwera. Ife tazolowera kudandaula pa kukwera kokha, popeza ndife ogula. Kutsikako sitikumva, chifukwa kupweteka wina. Mtengo wa khofi wa arabica utsata msika wa ku New York, ndipo pangano la mayiko limene linkauchirikiza litatha mphamvu mu 1989, unagwa kufikira pansi pa masenti 50 pa paundi mu 2001, alimi ambiri nasiya minda yawo, koma kapu ya m'mizinda ya olemera sinatsike nawo. Dziko lathu linalawa chikho chimenechi kale: khofi anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, nakhala mbewu yaikulu yotumiza kunja m'zaka za m'ma 1890, kufikira khofi wochuluka wa ku Brazil anagwetsa mitengo, minda nisanduka ya fodya, thonje ndi tiyi.

Chifukwa chake munthu wa chikumbumtima, ataimirira pamaso pa wogulitsa, funso lomuyenera si lakuti kapuyo yadula bwanji, koma lakuti ndalamayo, pobwerera m'njira imene khofi anadzera, ikathera pati. Alipo okazinga khofi amene alemba poyera dzina la mudzi ndi ndalama imene analipira alimi, ndipo kwa otere kudula kuli ndi chifukwa. Aliponso amene ajambula nkhope ya mlimi pa paketi, nagula pa mtengo wa msika monga ena onse, ndipo za iwo akulu ananena kale za chikomekome cha mkuyu.

Ndiponso chilungamo sichili pa kuchuluka kwa malipiro kokha, chili ndi pa nthawi yake. Chilamulo cha Mose chinalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, popeza moyo wake uli pa ndalamayo. Mwini nyumba yomwera khofi alandira zake kapu isanazizire. Koma mlimi wa m'mapiri, amene anagula feteleza mvula isanagwe ndi kuthyola zipatso m'miyezi yachisanu, kawirikawiri adikira kuti khofiyo aume, apunthidwe, asankhidwe ndi kupeza wogula kutsidya kwa nyanja asanaone malipiro ake onse, ndipo m'miyezi yodikirayo ana ake afunika fizi, iye nakongola ndalama yakatapira.