Kodi Ndani Ayenera Kumanga Lamulo la Pakamwa Pathu?

Aliyense amene adayendako pa mseu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji amaŵadziŵa malo aja a Chitedze, kumene akatswiri a zaulimi akhala akuyesa mbeu za chimanga, mtedza ndi zina kuyambira 1948. Kumeneko mbeu yatsopano siperekedwa kwa alimi chifukwa chakuti bwana wina waikonda ai. Imayamba yabzalidwa m'timinda toyesera, zokolola zake nkuyezedwa, ndipo ikalephera amanena poyera kuti yalephera. Tsono tiyerekeze kuti kwabwera lamulo loletsa katswiri kutchula mbeu yolephera, poopa kuchititsa manyazi akuluakulu. Kodi angalire ndani? Si bwana uja ai, koma mai wa ku Nsaru kapena ku Kabudula, amene nkhokwe yake idzakhala gwaa mwezi wa Febuluwale.

Ntchito ya mtolankhani woona ndi yofanana ndi ya katswiri ameneyu: kuona zimene olamula abzala pakati pathu, ndi kutiuza ngati zabala kapena zalephera. Nchifukwa chake funso la malamulo a nyuzipepala ndi wailesi si la atolankhani okha. Likukhudza nsima ya m'mabanja mwathu. Funsolo nali: kodi lamulo loika malire a zoyankhula limangidwe ndi boma lokha, kapena boma pamodzi ndi anthu ake?

Ife achikulire tikukumbukira nthaŵi imene boma linkamanga lokha. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika ndi kuletsa mabuku, nyimbo ndi kanema. Mlakatuli Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi idaŵerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, yodandaula mwa zina kuti anthu alibe ufulu woyankhula; boma lidaitcha youkira, nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche adapirikitsidwa m'dziko muno. Tinkanong'ona ngakhale m'nyumba zathu zomwe. Titavota pa 14 Juni 1993, malamulo aakulu a 1994 adatipatsa ufulu woyankhula, ufulu wa atolankhani ndi ufulu wodziŵa, mu ndime 35, 36 ndi 37.

Komabe matipate sadachiritse nthendayi. Kumapeto kwa 2001 mabungwe adachenjeza za njala, koma boma lidalengeza za ngoziyo kumapeto kwa Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. M'chaka cha 2011 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adasaina lamulo lopatsa nduna mphamvu zoletsa nyuzi iliyonse imene ndunayo yaiona kuti njosakomera dziko; lidachotsedwa mu 2012, m'nthaŵi ya Mai Joyce Banda. Apa tiphunzirepo kanthu. Vuto silidali mumtima mwa mtsogoleri mmodzi yekha. Kwa aliyense wokhala pa mpando, ngakhale wabwino, choona chimayabwa ngati chitedze, ndipo woyabwidwa amafuna kutentha tchire lonse. Munthu saweruza mlandu wake womwe. Fisi, ngakhale atalapa, sitimpatsa yekha ntchito yomanga khola la mbuzi.

Makolo adati mutu umodzi susenza denga, ndipo mbiri yathu ikuchitira umboni. Lamulo lopatsa anthu mwai wopeza nkhani ku maofesi a boma lidadza chifukwa bungwe la atolankhani la MISA Malawi ndi mabungwe ena adakambirana ndi maboma otsatanatsatana kwa zaka zoposa khumi. Nyumba ya Malamulo idalivomereza mu Disembala 2016, lidasainidwa mu Febuluwale 2017, koma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Mu 2022 aphungu adachotsa mlandu wa kuyankhula zoukira boma, womwe uja adaopsezera nao Aepiskopi. Pamene kukambirana kudachedwa, bwalo lidathandiza: mu Julayi 2025 Bwalo Lalikulu lidagamula kuti ndime 200, yomanga munthu pa mlandu woipitsa mbiri ya mnzake, njotsutsana ndi malamulo aakulu. Koma udzu sudathe m'munda. Mu 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe namuumiriza kuti aulule amene adampatsa chikalata china cha boma, ndipo lamulo la 2016 la zapaintaneti lagwiritsidwapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba zao.

Wina anena kuti, "Nanga wabodza timleke? Kodi mbiri ya munthu si chuma chake?" Akunena zoona. Lamulo lachisanu ndi chitatu limatiletsa kunamizira anzathu, ndipo tonse tidaonapo banja litapasuka ndi mjedo. Atolankhani nao si angelo. Alipo amene cholembera chao chimapindika akalandira chipondamthengo. Choncho malire ayenera kukhalapo. Koma tiyeni tione m'mene bwalo la amfumu limachitira. Wonamizira mnzake amaitanidwa, mbali zonse ziŵiri zimamvedwa, ndipo wolakwa amabweza mau ake pa gulu napereka nkhuku kapena mbuzi. Amfumu anzeru salamula kuti mudzi wonse usoke pakamwa chifukwa cha wabodza mmodzi. Chipepeso chimabwezera wolakwiridwa ulemu wake; ndende imaopseza ngakhale onena zoona, ndipo kaŵirikaŵiri imateteza wamphamvu koposa wamasiye. Kupeza malire oyenera pakati pa ufulu ndi mbiri ya munthu ndi ntchito yovuta, yosatheka ndi mbali imodzi. Boma likamanga lokha lidzadziteteza, atolankhani akamanga okha adzadzikhululukira. Ayenera kukhala pa mphasa imodzi, ife eni nkhani tili pomwepo.

Tsono kukambirana koona nkotani? Si kuitana anthu makumi angapo ku hotela ya mumzinda kuti adzaombere m'manja chikalata cholembedwa kale m'Chingerezi. Kumeneko nkufunsa njira utafika kale. Zofuna kusinthazo zifalitsidwe nthaŵi ikadalipo, m'Chicheŵa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina, ziŵerengedwe pa wailesi, zifike ku Namitete, ku Mpingu ndi ku Nambuma. Pambuyo pake boma linene poyera maganizo amene lalandira, amene lakana, ndi chifukwa chake. Mabungwe nao adzifunse ngati akuyankhulira anthu amene adakhalapo nao pansi. Wofunsa uphungu ayenera kukhala wokonzeka kusintha. Kupanda apo wangotaya nthaŵi ya anzake.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Lamulo lija la 2020 silidapangidwire atolankhani okha: mlimi aliyense angathe kufunsa m'mene ndalama za chitukuko cha dera lake zidayendera, kapena m'mene maina a olandira feteleza wotsika mtengo adasankhidwira, ndipo bungwe la boma loona za ufulu wa anthu lidapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Ufulu wosagwiritsidwa ntchito uli ngati khasu lopachikidwa pa denga, limangochita dzimbiri. Ndiponso masiku ano aliyense wa foni m'manja wasanduka mtolankhani. Tisanatumize mau kwa anzathu tidzifunse ngati taŵayesa, monga amayesera mbeu ku Chitedze.

Phungu akadzabwera ku msonkhano kwathu, tisadzangomfunsa za mjigo ndi mlatho. Tidzamfunsenso kuti, "Kodi malamulo a pakamwa pathu mukukambirana ndi yani?" Pakuti tsiku limene mbeu idzalephere, kapena mankhwala adzasoŵe m'chipatala, tidzafuna munthu wotha kunena zimenezi mosaopa, ana athu asanayambe kugona ndi njala.