Kodi Mphatso Ingapatsidwe Malikisi?

Pakati pa miyambo imene anthu a masiku ano aikonda pali wina wakuti munthu akagula botolo la vinyo wamba, wosabowola m'thumba, amakhala nalo pa chakudya chophikidwa pakhomo, nalawa, nalemba m'kabuku malikisi amene vinyoyo ayenera kulandira, monga achitira mphunzitsi ndi ana a sukulu. Mwambowu suli wakale kwenikweni, pakuti ngakhale amalonda a ku Bordeaux anaika vinyo wawo wofiira m'magulu asanu m'chaka cha 1855, pokwaniritsa chifuniro cha Mfumu Napoleon III, munthu amene anawanditsa muyeso wa malikisi 100 ndi Robert Parker, loya wa ku America, amene anayamba kusindikiza kalata yake ya vinyo mu 1978.

Sindinena kuti ntchito ya oweruza njachabe. Pamene Steven Spurrier anasonkhanitsa akatswiri a ku France mumzinda wa Paris mu 1976, nawapatsa zikho popanda kuwauza maina a mabotolo, iwo amene anakula akukhulupirira kuti vinyo weniweni achokera m'nthaka yawo yokha anapereka ulemu woyamba kwa vinyo wa ku California, woyera ndi wofiira yemwe. Ndipo m'menemo muli chilungamo chimene ngakhale akuluakulu a pabwalo angachisirire, chosayang'ana nkhope ya munthu kapena mbiri ya makolo ake. Dzina lokongola la pabotolo lanyenga ambiri, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Koma taonani machitidwe a woweruzayo. Amagwedeza chikho, nanunkhiza, nazunguliza vinyo m'kamwa, kenaka nalavula m'mbiya, kuti mutu wake ukhalebe wolungama kufikira chikho chomaliza. Pamaso pake palibe nsima, palibe ndiwo, palibe mlendo wocheza naye. Pamene vinyo wa m'katoni wochokera ku Cape, kumene mphesa zinayamba kufinyidwa mu 1659, afika pa tebulo la ku Zomba kapena ku Chipata, amapeza dziko lina. Wofiira uja, amene akamwedwa payekha ali ndi khambi loumitsa nkhama, amafewa akakumana ndi mafuta a nyama ya mbuzi yootcha, chifukwa mafutawo amaphimba khambilo. Koma yemweyo mukamuika pambali pa chambo, nsombayo imamveka fungo la chitsulo, mayi wophika n'kulandira chitonzo chimene sanachilakwire. Nanga malikisi ake enieni ndi ati, a tsiku la mbuzi kapena a tsiku la chambo? Ine ndiyesa kuti kukoma sikukhala m'botolo mokha, kapena pa lilime pokha, koma kumabadwa pamene ziwirizi zikumana ndi chakudya, ndi njala, ndi mtima wa amene akudya pamodzi.

Pali chinanso chozama kuposa ichi, chimene chikhudza ngakhale abale athu ambiri a m'mipingo amene salawa vinyo konse, ndipo sindiwatsutsa. M'nyumba ya okhulupirira, bambo amadalitsa chakudya mbale zisanavundukulidwe, asanadziwe ngati mchere wakwana kapena nyemba zapserera; ndiko kuti chiyamiko chimatsogola, chiweruzo n'kudza pambuyo, ngati chidza n'komwe. Wolemba malikisi akatembenuza dongosolo limeneli, nadikira kuti chikho chiyambe chadzionetsa kuyenera kwake asanachiyamike, wasanduka mwini ngongole pa tebulo pamene anaitanidwa ngati mlendo. Alembe ndithu, pakuti nzeru yosataya ndalama kawiri pa botolo loipa si tchimo; koma alembe atakhuta, atathokoza amene anaphika.

Pa ukwati wa ku Kana wa m'Galileya, mkulu wa phwando analawanso osadziwa kumene vinyo anachokera, ndipo chiweruzo chake chinali cholungama, pakuti anazindikira kuti wotsirizayo aposa woyamba. Komatu chiyamiko chake anachipereka kwa mkwati, amene sanachitepo kanthu. Amene anadziwa gwero lake anali atumiki, amene mikono yawo inatopa ndi kudzaza madzi m'mitsuko isanu ndi umodzi yamwala, ndipo Yohane, wolemba nkhaniyi, sanatiuze ngati iwowo anapatsidwako chikho.