KODI PENSHONI NDI MPHATSO KAPENA NGONGOLE?

Mphunzitsi wa boma akakwanitsa zaka 60, amayenera kuika choko pansi n'kupuma pantchito. Namwino naye amavula yunifomu, ndipo amene ankakhala m'nyumba za boma amalongedza akatundu awo kulunjika kumudzi. Kuyambira tsiku limenelo moyo wawo umatsamira pa ndalama za penshoni. Anthu ena akaona nkhalambazi zitandanda pamzere kubanki amati boma likuzichitira chifundo. Kodi maganizo oterewa ngolondola?

Poyamba tiyenera kusiyanitsa mphatso ndi ngongole. Mwini mphatso ali ndi ufulu wopereka kapena kumana, ndipo wolandirayo amagwada n'kuomba m'manja. Ngongole siili choncho, pakuti wobweza ngongole amangopereka cha mwini kwa mwini wake. Penshoni ndi gawo la malipiro limene munthu sadalandire pamene adali ndi mphamvu, kuti adzadye atafooka. Lamulo la penshoni limene lidayamba kugwira ntchito m'Malawi muno mu 2011 lidaonetsa mfundoyi poyera. Lidalamula kuti mwezi ndi mwezi wantchito azisonkha K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo womulemba ntchito azithirapo K10. Ngakhale akale amene sankadulidwa kanthu adasonkhabe, chifukwa adapirira malipiro ochepa podalira lonjezo la boma. Choncho penshoni ndi thukuta la mwini wake.

Ngati ili ngongole, iyenera kubwezedwa pa nthawi yake. Munthu amene adaphunzitsa ana kwa zaka makumi atatu sayenera kutha nsapato akulondola fayilo yake m'maofesi. Iyeneranso kubwezedwa pamlingo wake. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya feteleza, sopo ndi mankhwala idakwera. Wogulitsa pamsika adakweza mitengo yake, koma wopuma pantchito alibe choti akweze. Penshoni ikapanda kutsatira kukwera kwa zinthu, zili ngati kukongola dengu lodzaza ndi chimanga n'kudzabweza kambale.

Nkhaniyi imakula kwambiri tikafika pa zaumoyo. Ukalamba umabwera ndi alendo ake monga matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, nyamakazi ndi ng'ala. Matenda ambiri otere safuna jekeseni wa tsiku limodzi, koma mankhwala a moyo wonse. N'zoona kuti zipatala za boma zimathandiza mwaulere, koma mankhwala akasowa wodwala amakagula yekha. Zipatala za mishoni n'zolipira, ndipo wotumizidwa ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central amayenera kupeza ndalama zoyendera. Si chilungamo kuti namwino amene adachezera usiku ndi odwala asowe womusamala tsiku limene iye wagona pamphasa.

Komabe wina angafunse kuti, "Nanga wantchitoyo alibe udindo?" Ali nawo ndithu. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku lopuma silidzidzimutsa ngati mphenzi, chifukwa munthu amalidziwa kuchokera tsiku limene walembedwa ntchito. Wanzeru amamanga nyumba, kusamala munda ndi kupatula kangachepe ka matenda akadalandira malipiro. Ena amadikira ndalama zochuluka zolandira kamodzi zija, ndipo zikafika amagulira galimoto yakutha kapena kumwera mowa mpaka zonse psiti! Enanso amati ana adzawasunga, kuiwala kuti anawo ali ndi mabanja awo ndipo ena mwa iwo ali paulova. Mwana kuthandiza kholo ndi khalidwe lokoma, koma mwana si nkhokwe.

Kulephera kwa anthu oterewa sikufafaniza ngongole ija. Wokongola sanganene kuti, "Sindikubwezera chifukwa udzaononga." Boma libweze mokwanira ndiponso msanga, ndipo wantchito akonzekere akadali ndi mphamvu.

Inu ophunzira, amene adakuphunzitsani kugwira pensulo mwina lero ali pamzere uja. Mawa ena mwa inu mudzakhala m'maofesi momwe mafayilo awo amadutsa, ndipo mkuja mudzaima pamzerewo inu eni. Momwe mudzasamalire fayilo ya nkhalamba ndi momwenso ana anu adzaphunzirire kusamala yanu.